Chithunzi cha Atsibweni

Tabuleti yanga inali nambala 7. Nambalayo inalembedwa ndi penti yoyera kumbuyo kwa chikuto chake cha labala wobiriwira, ndipo ngodya imodzi ya chikutocho inali yonyotsoka, ngati khoswe anayamba kuidya n'kugwa nayo ulesi. Inkanunkha ngati jombo zatsopano. Ndikaigwira nthawi yaitali fungolo linkatsalira m'manja, ndipo ndinkapita nalo kunyumba osasamba, kuti amayi amve okha kuti mwana wawo wagwira chinthu cha anthu ophunzira.

Ndinali mu Sitandade 6, ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri. Matabuletiwo anafika kumayambiriro kwa teremu yoyamba, m'chilimwe, pa galimoto yoyera imene inavutika kukwera chitunda cha kusukulu kwathu, kumapiri a kum'mawa kwa Mponela. Analipo khumi, ndi sola yake, ndi bokosi lachitsulo losungiramo. Amene anabwera nawo anali mayi wina wa kubungwe loona za kusintha kwa nyengo, wovala magalasi akuda pamutu m'malo movala kumaso. Anatiimika pamzere pansi pa mbendera n'kutiuza mawu amene tinawabwereza teremu yonse: "Ana inu ndinu maso a phiri." Aphunzitsi athu a sayansi, bambo wamtali wosasiyana ndi tayi ngakhale kutenthe chotani, anasankha ana makumi awiri kuti akhale kalabu. Ine ndinalowamo chifukwa ndinkakhoza masamu.

M'tabuletimo munali gemu. Pagalasi pankaoneka mudzi, phiri ndi mtsinje. Ukakhudza nthaka ndi chala pankamera mtengo, ndipo usanaphethire n'komwe mtengowo unali utakula, mbalame zili pamwamba. Mitengo ikachuluka kunkabwera mtambo, mvula n'kugwa, mtsinje n'kudzaza, tianthu ta m'mudzimo n'kumavina. Koma pakapita kanthawi kunkatulukira tianthu tina totuwa, tonyamula nkhwangwa. Tinalibe nkhope. Ukachedwa tinkagwetsa mitengo, mtsinje n'kuphwa, chimanga n'kufota. Ukatikhudza msanga tinkaphulika ngati thovu la sopo, tabuleti n'kulira kuti "ting!", mapointi n'kukwera pakona.

Kulira kumeneko ndinkakukonda, sindingabise. Dzinja lapitalo mvula inadula chimanga chitangoyamba kumasula, ndipo tinachionerera chikupota masamba mpaka kuuma chiimirire. Kumunda kwathu mvula inkachita zofuna zake, koma pagalasi inkamvera chala changa. Mwana wanjala mukamupatsa chinthu chotero, musadabwe akachikonda kuposa anthu.

Pakhomo pathu tinkadalira atsibweni, mlongo wawo wa amayi. Bambo anapita ku Joni ine ndili kumbuyo, ndipo makalata awo anatha ndisanayambe kuyenda. Atsibweni ndiwo anatenga akazi awo chitengwa n'kumanga nyumba pafupi ndi yathu, kuti azitiyang'anira. Anali munthu wamfupi, wa mapewa otambalala, woseka ndi thupi lonse. Sankanditchula dzina langa la kusukulu. Kwa iwo ndinali Naphiri, ngati mzimayi wamkulu, ndipo akamandilonjera ankavula chipewa mwanthabwala. Ntchito yawo inali fodya, koma chaka chimenecho fodya wawo anabwezedwa kawiri kumsika, ndipo nkhokwe zathu ziwiri zinali zitatha kale chimanga mu Ogasiti. Ndiye anayamba kuotcha makala.

Ankanyamuka tambala atangolira kachiwiri, chitsulo cha nkhwangwa chili m'thumba, mpini wake ataubisa kutchire. Makala akapsa ankawalongedza m'matumba, n'kuluka pamwamba ndi luzi, n'kumanga matumba atatu panjinga. Ankaikankha mitunda yonse ija mpaka kumsewu waukulu. Pobwera, panjinga pankakhala chimanga, ndipo m'thumba la shati munkakhala chitumbuwa changa, chophwanyika ndi chonunkha utsi. Lamulo la amayi linali limodzi: "Za kuphiri n'za kuphiri. Kusukulu osakanenako."

Sindikufuna kuwayeretsa atsibweni. Phirilo linkayeradi. Mtsinje umene amayi ankati ankasambiramo ali mtsikana, ife tinkachita kufukula mchenga kuti tipeze madzi. Msuku atsibweni sankaudula, ankati ndi chakudya cha ana, koma mitengo ya mtondo ndi tsamba ankagwetsa, ndipo ankadziwa chimene akuchita. Kungoti ankadziwanso kuti pakhomo pali anthu asanu ndi awiri ofunika kudya madzulo.

Mu Okutobala mayi wa kubungwe uja anabweranso. Anati gemu yafika pa gawo lachiwiri, ndipo tsopano tichoka pagalasi, tipite kuphiri lenileni. Lachisanu lililonse tinkaloledwa kutenga tabuleti kunyumba, n'kuibweza Lolemba. Ntchito yathu inali kujambula. Chitsa chinali pointi imodzi. Uvuni wa makala, mapointi khumi. Munthu wogwira nkhwangwa, makumi asanu. Sukulu zingapo za ku Dowa ndi ku Ntchisi zinali pa mpikisano, ndipo mwana wopambana onse ankayenera kupita ku Lilongwe kukalankhula pamaso pa akuluakulu. Mtsikana wina anafunsa kuti zithunzizo zizipita kuti. Aphunzitsi anayankha kuti, "Zimangopita m'gemu."

Kaya ankadziwa, kaya sankadziwa. Patapita zaka zambiri ndinakumana nawo ku Mponela akugula mbewu m'shopu imene ndimagwiramo ntchito, tayi ili pakhosi monga kale. Nditawafunsa, anayang'ana thumba la mbewulo nthawi yaitali n'kunena kuti, "Ifenso tinkangouzidwa." Ndinawapatsa katundu wawo. Sindinawaperekeze pakhomo.

Masabata atatu ndinayendayenda m'phiri ndi tabuleti nditaikulunga m'chitenje. Kunali kotentha koopsa. Nyenje zinkalira mpaka m'makutu kuwawa, lupsa linkandidetsa miyendo mpaka m'mawondo, ndipo masuku oyamba ankagwa okha n'kuphulika pamiyala. Ndinajambula zitsa zatsopano zotuluka madzi ofiira, ndinajambula zitsa zakale zimene agogo a agogo anga anazisiya, ndinajambula chitsa chimodzi kawiri nditazungulira mbali ina. Lolemba lililonse aphunzitsi ankalemba pabolodi mayina a ana otsogola. Langa linkakhala lachiwiri. Pamwamba pankakhala mtsikana wa sukulu ina ya cha ku Nachisaka, amene sindinamuonepo mpaka lero, koma ndinkadana naye ngati anandibera nsapato. Titafika sabata yomaliza, anali atandisiya ndi mapointi makumi atatu ndi mphambu zingapo. Masamu ndinkakhoza. Ndinawerengera ndili pa desiki pomwepo, ndipo ndinaona kuti zitsa sizingandipulumutse.

Loweruka m'mawa ndinauza amayi kuti ndikawapatsire atsibweni thobwa. Anasangalala, akuganiza kuti mwana wayamba nzeru. Njira ndinkaidziwa: kudutsa mtsinje wouma, kukwera mpaka pa mwala wosweka pakati, kenako kutsikira m'kachigwa kobisika. Fungo ndi limene linayamba kundipeza, utsi wowawasa wa nkhuni zaziwisi zikupsa pansi pa dothi. Uvuniwo unali wautali ngati manda a anthu atatu, ndipo utsi unkatuluka pang'onopang'ono m'timabowo ta m'mbali. Atsibweni anali kalikiliki kutseka mng'alu ndi dothi lonyowa, alibe shati, thukuta litajambula mizere pamsana pakuda ndi mwaye.

Anamwa thobwa osapuma, kenako anaona chimene ndinanyamula. Ndinawaonetsa gemu. Chala chawo chinali cholimba ngati chikumba, moti galasi silinkachimva. Anayesa kanayi, ndipo kachisanu mtengo unamera n'kukula pomwepo. Anaseka mpaka kukhala pansi.

"Mtengo wokula munthu asanameze malovu? Nanga umenewu umayaka, Naphiri?"

Ndinaseka nawo. Kenako ndinati, "Atsibweni, ndikujambuleni."

Anadzidzimuka ngati mwana. Anati chibadwire anajambulidwapo kamodzi kokha, pa chitupa, ndipo anaoneka ngati wakuba. Anasamba kumaso ndi madzi otsala m'chigubu, anavala shati n'kumanga mabatani onse mpaka pakhosi, anakonza chipewa, n'kuima chilili pafupi ndi uvuni, manja ali m'mbali ngati msilikali. Ndinayang'ana pagalasi. Zinali bwino, koma anali mapointi khumi okha.

"Tengani nkhwangwa," ndinatero.

"Nkhwangwa ya chiyaninso?"

"Kuti muoneke amphamvu."

Anandiyang'ana kanthawi kochepa. Kenako anawerama, n'kuitola, n'kuiika paphewa, n'kumwetulira mano onse. Tabuleti inalira kuti "ting!"

Kwa zaka zambiri ndakhala ndikudziuza kuti ndinali mwana, ndipo n'zoona. Sindinkadziwa kuti chithunzi chilichonse chinkapita pamodzi ndi malo amene chajambulidwira. Sindinkadziwa kuti kumapeto kwa gemu kuli anthu a mfuti. Koma kuti nkhwangwa ndi imene ikweze mapointi, izo ndinkadziwa bwino lomwe, ndipo bodza la "amphamvu" lija palibe anandiphunzitsa. Anthu a kubungwe aja sanandilenge mtima. Anangoupeza, n'kuuikira mtengo wake.

Ndinapambana. Mu Novembala ine ndi aphunzitsi tinakwera galimoto yoyera ija, ndipo kanali koyamba kuti ndione Lilongwe. Anandiveka tisheti yobiriwira yofika m'mawondo. Chipinda cha msonkhano kuhotela chinali chozizira ngati m'mawa wa Juni, ndipo pathebulo lililonse panali mabotolo a madzi amene anthu ankamwa pang'ono n'kusiya. Nditakwera kutsogolo, magetsi anachepetsedwa, ndipo pakhoma lonse panaonekera atsibweni, aakulu kuposa chitseko, mabatani ali pakhosi, nkhwangwa paphewa, akumwetulira. Pansi pake panali mawu achingerezi. Pambuyo pake nditawaumiriza, aphunzitsi anandimasulira monong'ona kuti akunena kuti, "Nkhope ya chiwonongeko."

Anthu anapukusa mitu. Bambo wina wa suti anatsonya. Ine mtima unadumpha ndi chimwemwe poona atsibweni, ndipo ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti amenewo ndi atsibweni anga, koma aphunzitsi anandifinya paphewa n'kundilozera pepala. Ndinawerenga mawu amene iwo anandilembera, onena kuti ife ana tatopa ndi akuluakulu odzikonda amene akutibera tsogolo. Anawomba m'manja ataimirira. Mayi wina anapukuta misozi. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsa kuti bambo wa pakhomayo ndi ndani, kapena kuti anamwetulira chifukwa chiyani.

Nthawi ya chakudya cha masana magetsi anazima, chakudya n'kuchedwa. Pofunafuna chimbudzi ndinasochera n'kutulukira kuseri kwa khitchini. Kumeneko anyamata awiri ovala zoyera ankakupiza moto pa mbaula zazikulu, nkhuku zili pamwamba. Pakhoma anasanja matumba a makala mpaka kudenga, onse olukidwa pamwamba ndi luzi. Ndinaima n'kumawayang'ana, ndikudabwa kuti kodi lina mwa amenewa si la kwathu. Kenako ndinabwerera mkati n'kudya nkhukuyo. Inali yokoma kwambiri.

Anabwera patapita masiku anayi, m'mawa, amayi akusesa pabwalo. Inali galimoto yotsegula kumbuyo, ndi amuna asanu a za nkhalango, awiri ali ndi mfuti. Anali atayambira kuphiri, kumene anaphwasula uvuni watsopano n'kuusiya ukuyaka mpaka kusanduka phulusa. Atsibweni anatuluka m'nyumba ali ndi mbatata yootcha m'manja. Mmodzi wa anthuwo anatulutsa pepala la chithunzi chija m'thumba, n'kulitambasula, n'kuyang'ana pepala, n'kuyang'ana atsibweni. "Ndi inu amene, eti?"

Atsibweni analandira pepalalo ndi manja awiri. Analiyang'ana nthawi yaitali, chifukwa chithunzicho kuphiri kuja anangochiona pang'ono pagalasi lowala ndi dzuwa. Kenako anadzutsa mutu n'kuyamba kufunafuna ndi maso pakati pa anthu amene anasonkhana. Sanavutike kundipeza. Ndinali nditavala tisheti yobiriwira ija, imene ndinali ndisanaivule chibwerere ku Lilongwe. Atsibweni anapatsa mwana wawo wamng'ono mbatata ija n'kukwera okha m'galimoto. Anthuwo anaponyamonso njinga ndi nkhwangwa.

Akazi a atsibweni analira akugubuduzika pafumbi. Atatopa anadzuka n'kubwera pamene ndinaima, n'kunena motsitsa mawu, "Madzulo ano ukadye chithunzi chakocho."

Amayi sanandimenye, ngakhale ndinkalakalaka atatero. Anandilowetsa m'nyumba n'kufunsa kuti, "Ndinakuuza chiyani?"

"Sindinanene, amayi. Ndinangojambula."

Anandiyang'ana ngati akuona mlendo, n'kukhala pansi, tsache likadali m'manja.

Tsiku lotsatira ndinapita kwa aphunzitsi kukawapempha kuti auze mayi wa kubungwe kuti panalakwika, kuti afufute chithunzicho ngakhale mapointi anga apite. Ankafufuta bolodi, ndipo sanatembenuke. "Lamulo ndi lamulo," anatero. Kukhoti la kuboma atsibweni anavomera mlandu, ndipo anawapatsa miyezi isanu. Teremu itatha galimoto yoyera inabwera kudzatenga matabuleti onse khumi, ndi sola, ndi bokosi lomwe. Anati ntchito yayenda bwino kwambiri, tsopano akupita nayo kuboma lina. Mbande za mitengo zimene kalabu yathu inafesa m'timachubu kuseri kwa kalasi zinauma pa holide, chifukwa palibe anauzidwa kuti azithirira.

Mvula inachedwa mpaka kumapeto kwa Disembala. Itagwa, panali minda iwiri ndi makasu a akazi okhaokha. Akazi a atsibweni ankalima mbali yawo osatilankhula. Ine ndinajomba kusukulu masiku ambiri, ndipo ndikapitako anzanga ankandiitana kuti Kamera. Pamjigo amayi ena ankasiya nkhani ndikafika, wina n'kunena mokweza kuti, "Bisani nkhuni, maso a phiri afika." Mu Febuluwale tinkadya kamodzi, gaga ndi nkhwani wopanda nsinjiro. Mwana wamng'ono wa atsibweni anatupa mapazi. Amayi anayenda kawiri kukaona atsibweni kundende. Ine sanandiuze kuti tipitire limodzi, ndipo sindinapemphe.

Phirilo silinapulumuke. Patangopita zaka zochepa kunabwera anthu akutali ndi macheka a injini, ndipo anamaliza m'miyezi iwiri zimene atsibweni sakanamaliza moyo wawo wonse, misuku yomwe. Lero ndikakhala pakhomo la shopu ndimaona malole akudutsa masanasana atafunditsa matenti, luzi likusuzumira m'mbali, ndipo sindinamvepo kuti mwini lole waikidwa pakhoma la hotela. Nanenso ndimaphikira makala. Nyengo yasinthadi, zimenezo sanatinamize, ndipo ana ayenera kuzidziwa. Chimene sindimakhululuka n'chakuti anthu ophunzira anakhala pansi mu ofesi, n'kugwirizana kuti tianthu ta nkhwangwa tisakhale ndi nkhope, kenako n'kutituma ife kuti tikabweretse nkhopezo kuchokera kunyumba kwathu.

Atsibweni anatuluka mu Epulo, chimanga chikuuma m'minda. Anakhala nafe masabata awiri okha, kenako anasamukira kwawo kwa akazi awo, ndipo amayi anatsala opanda mlongo pakhomo. Atsibweni anamwalira patapita zaka zisanu ndi chimodzi kuchipatala cha ku Mtengowanthenga, ndi chifuwa chimene anabwera nacho kundende. Nkhani ya chithunzi anaitchula kamodzi kokha, tsiku limene anafika.

Anafika wapansi, cha m'ma 3 koloko masana, atameta mpala, shati ikulendewera ngati yobwereka. Anthu anadzaza pabwalo kudzawalonjera. Ine ndinabisala kuseri kwa nkhokwe mpaka onse atabalalika. Ndinamva akutsokomola, kenako akufunsa amayi kuti mwana ali kuti. Ndinatuluka n'kugwada patali.

"Senderani," anatero.

Ndinasendera. Maso awo anali atalowa mkati, koma munalibe mkwiyo. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mpikisano uja unatha bwanji? Munapambana?"

"Eee, atsibweni."

"Nambala wani?"

"Nambala wani."

"Ku Lilongwe munapita?"

Ndinavomera, ndipo poona kuti akumvetsera, lilime linamasuka. Ndinawauza za nyumba zosanjikana, za chipinda chozizira, za anthu amene anaimirira n'kundiwombera m'manja. Ankagwedeza mutu pang'onopang'ono. Nditamaliza anatsokomola nthawi yaitali, n'kupukuta pakamwa ndi kuseri kwa dzanja.

"Ndiye zili bwino," anatero. "Mukanaluza, miyezi yonseyi ndikanakhalira chabe."

Mtima wanga unapepuka ngati nditula mtolo wa nkhuni. Ndinathamangira kukhitchini kumene amayi ankasenda mtedza, n'kuwauza kuti atsibweni sanakwiye, akuti ndinachita bwino kupambana. Amayi anaimitsa manja. Anali atamva zonse, chifukwa khitchini inali pafupi. Anayang'ana panja pamene mlongo wawo anakhala okha atazolika, kenako anatenga chitenje n'kudziphimba kumaso, mapewa akugwedezeka. Ine ndinaima pamenepo ndikudabwa kuti amayi akulira chiyani pa tsiku labwino chonchi, ndipo nditatopa kudikira kuti andiyankhe, ndinatapa mtedza wodzaza dzanja n'kupita kukasewera.